Eni mathiraki, andale ndi masenti a dizilo ku Australia

Pa 2 Epulo 1979, madalaivala asanu anaimika mathiraki awo mopingasa pamsewu waukulu wa Hume, pachitunda cha Razorback, kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda wa Sydney. Wowatsogolera anali Ted Stevens. Msewu umenewu ndi umene umalumikiza Sydney ndi Melbourne, mizinda iwiri ikuluikulu ya Australia, choncho kuutseka kunali kuligwira dziko pakhosi. Pasanapite masiku ambiri, anzawo mazanamazana anali atatsekanso misewu ina m'zigawo zosiyanasiyana. Boma la New South Wales, lomwe linkatsogozedwa ndi Neville Wran, linathamangitsa lamulo loti mathirakiwo achotsedwe mokakamiza, koma eni ake sanasunthe. Anagona pamsewupo masiku asanu ndi anayi.

Chimene chinawawawa kwambiri chinali msonkho wokonzera misewu umene maboma a zigawo ankatolera potengera kulemera kwa thiraki ndi mtunda umene yayenda. Mwini thiraki ankayenera kulemba maulendo ake onse n'kumalipira, kaya ulendowo wamupindulira kapena ayi. Pomwe zionetserozo zinkatha, maboma anali atavomera kuuthetsa msonkhowo.

Masiku ano eni mathiraki a ku Australia satsekatsekanso misewu. Amavala jekete, n'kunyamula zikalata zodzaza ndi manambala, ulendo wa ku Canberra, likulu la dzikolo, kukagogoda pamakomo a nduna ndi aphungu. Pempho lawonso linasintha. Nthawi zambiri sapempha kuti msonkho uthe. Amapempha kuti udikire: chaka chino ayi, bizinesi siikuyenda, tidzakambirane chaka chamawa. Kangapo konse andale awamvera, ndipo zotsatira zake ndi zofunika kuziona bwino, chifukwa amene anapempha kuti msonkho udikire ndi omwewo amene anadzalira kwambiri utabwera.

Ndalama imene amakanganiranayi siitoleredwa pachipata. Lita iliyonse ya dizilo yogulidwa pamalo omwetsera mafuta imakhala kale ndi msonkho wa boma lalikulu mkati mwa mtengo wake. Wabizinesi amene amathira dizilo m'makina osayenda pamisewu ya boma, monga mlimi wa thirakitala kapena kampani ya migodi, amabwezeredwa msonkho wonsewo. Mwini thiraki yolemera kupitirira matani 4.5 nayenso amabwezeredwa, koma boma limayamba ladulapo gawo lina, n'kunena kuti limeneli ndi la msewu umene wapondapo. Gawo lodulidwalo kumeneko amalitcha road user charge. Ife tizingoti msonkho wa msewu. Ukakwera ndi senti imodzi, ndalama yobwerera m'thumba mwa mwini thiraki imatsika ndi senti imodzi pa lita iliyonse.

Owerengera masenti amenewa ndi a bungwe la National Transport Commission ku Melbourne. Iwo amaona ndalama zimene maboma alowetsa m'misewu zaka zapitazo, n'kupatula gawo loyenera kugwera magalimoto olemera. Gawolo limatoleredwa pawiri: lina kudzera mu dizilo, lomwe limapita ku boma lalikulu, lina kudzera mu ndalama zolembetsera galimoto chaka ndi chaka, zomwe zimapita ku maboma a zigawo. Koma bungweli limangolangiza. Mawu omaliza amakhala a nduna za zamtengatenga, ndipo nyumba ya malamulo ili ndi mphamvu yokana chimene nduna yasainira. Khomo limene eni mathiraki amalowera ndi limeneli.

Wina angafunse kuti n'chifukwa chiyani thiraki iyenera kulipira zake zapadera pomwe msewu ndi wa aliyense. Yankho linapezeka kale, pakati pa 1958 ndi 1960, ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America, kumene akatswiri anamanga misewu yoyesera n'kumayendetsapo magalimoto a kulemera kosiyanasiyana usana ndi usiku mpaka misewuyo kuphwanyika. Anapeza kuti kuwonongeka kwa msewu sikuyenda mofanana ndi kulemera. Katundu wogwera pa ekiselo imodzi akawirikiza kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi ka 16. Ndiye kuti thiraki imodzi yodzaza imadya phula kuposa magalimoto ang'onoang'ono zikwi zingapo. Ku Australia nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa kumadera a kumpoto ndi a m'katikati mwa dzikolo kumayenda mathiraki okoka ngolo zitatu, otalika mpaka mamita 53.5, pamisewu ngati ya Stuart imene imachoka ku Darwin n'kudutsa m'chipululu kukafika ku Port Augusta. Palibe mwini thiraki wozindikira amene amakana zoti ayenera kulipira. Mkangano umakhala pa kuchuluka kwake ndi nthawi yake.

Liwu lalikulu la eni mathiraki ndi bungwe la Australian Trucking Association, lomwe lili ndi likulu lake ku Canberra, pafupi ndi nyumba ya malamulo. Mbiri yake ndi yachisoni: linayamba mu 1989, chaka chimene thiraki inawombana ndi basi pafupi ndi Grafton n'kupha anthu 21, pomwe dziko lonse linkawaloza chala oyendetsa mathiraki. Palinso mabungwe ena monga NatRoad ndi la onyamula ziweto kumidzi. Mphamvu zawo zagona pa chinthu chimodzi chimene wandale aliyense amachidziwa: m'tauni iliyonse ya kumudzi muli banja la thiraki, makaniko wake, wogulitsa mateyala ndi mlimi amene ng'ombe zake sizingafike kumsika popanda thirakiyo. Madera amenewa ndi amene amavotera kwambiri chipani cha Nationals, ndipo pamene mgwirizano wa chipanichi ndi cha Liberal uli m'boma, unduna wa zamtengatenga kawirikawiri umakhala m'manja mwa mtsogoleri wa Nationals. Warren Truss ndi Michael McCormack onse anakhalapo pampando umenewu, aliyense alinso wachiwiri kwa nduna yaikulu. Mwini thiraki akamalankhula ndi nduna yotere amakhala akulankhula ndi munthu amene akufuna voti yake.

Chitsanzo choonetsa bwino phindu la kuchedwetsa ndi cha msonkho wa utsi. Mu Julayi 2011, boma la Julia Gillard linalengeza kuti kuyambira pa 1 Julayi 2012 makampani owononga mpweya azilipira madola 23 pa tani iliyonse ya utsi. Mathiraki olemera anapatsidwa zaka ziwiri zopuma, kuti adzayambe pa 1 Julayi 2014, pomwe dizilo wawo akanakwera ndi masenti pafupifupi 7 pa lita. Mu Ogasiti 2011 gulu lina la eni mathiraki linachita mdipiti wopita ku Canberra kukafuna kuti boma lichoke, koma anabwera ochepa kusiyana ndi omwe ankayembekezeka, ndipo Anthony Albanese, yemwe panthawiyo anali nduna ya zamtengatenga, anawanyoza poyera. Phokoso silinaphule kanthu. Chimene chinagwira ntchito ndi zaka ziwiri zija. Mu Seputembala 2013 kunachitika chisankho, Tony Abbott anapambana atalonjeza kuthetsa msonkho wa utsi, ndipo mu Julayi 2014 unathetsedwadi. Mathiraki sanalipirepo ngakhale senti. Ku Australia chisankho chimachitika pakatha zaka zitatu, kotero amene wachedwetsa msonkho ndi zaka ziwiri amakhala wauwolotsera ku boma lina, lomwe mwina silidzaufuna n'komwe. Aliyense wogogoda pamakomo a ku Canberra amadziwa masamu amenewa.

Koma msonkho wa msewu si wofanana ndi wa utsi. Sungathetsedwe ndi chisankho, chifukwa kumbuyo kwake kuli phula, milatho ndi makontirakitala ofuna kulipidwa.

Tisanawaweruze eni mathiraki, tiyenera kuvomereza kuti nthawi ina chilungamo chinali mbali yawo. Mu 2006 msonkhowu unali masenti 19.633 pa lita. Unakwera kufika pa 21 mu Januwale 2009, ndipo mu Julayi 2012 unalumpha ndi 10.4 peresenti nthawi imodzi kufika pa 25.5. Chaka chotsatira unafika pa 26.14. Nthawi yonseyi eni mathiraki ankadandaula kuti mawerengedwe ake ndi olakwika, ndipo ambiri ankangoti ndi kulira kwa munthu wosafuna kulipira. Mu 2014 a National Transport Commission eni ake anavomera kuti njira yawo yowerengera inkatolera zopitirira muyeso. Warren Truss anaimitsa kukwera kwa chaka chimenecho, ndipo pambuyo pake msonkhowo unatsika pang'ono, kufika pa 25.9 mu 2016 ndi 25.8 mu 2017. Pamenepa kugogoda pamakomo kunagwira ntchito yabwino. Bungwe la boma linalakwitsa masamu, olipira anaona, ndipo anali ndi njira yokanenera. Lamulo la kumeneko limakakamiza nduna kuonetsa poyera mtengo watsopano ndi manambala omwe yatsamira masiku 60 isanasaine. Chimenechi n'chosiririka.

Vuto linayamba pamene kuimitsa kunasanduka chizolowezi. Masenti 25.8 aja anakhala osasuntha zaka zinayi, pomwe maboma ankathira ndalama zochuluka zedi m'misewu yatsopano. Pofika Novembala 2019, mawerengedwe ankaonetsa kuti pakufunika kukweza ndi zopitirira 11 peresenti kuti magalimoto olemera alipire gawo lawo lonse. Mabungwe a eni mathiraki anathamanga, akutchula chilala chimene chinali chitasautsa alimi. Nduna, motsogozedwa ndi Michael McCormack, zinatsitsa n'kunena kuti 2.5 peresenti pachaka kwa zaka ziwiri ikwanira. Isanayambe n'komwe, moto wolusa wa m'nkhalango ndi mliri wa Covid-19 zinafika, ndipo mu 2020 kukwerako kunaimitsidwanso. Panthawi ya mliri mathiraki ndi amene ankadzaza masitolo pomwe anthu anali atatsekeredwa m'nyumba, ndiye palibe wandale amene akanalimba mtima kuwakwezera msonkho. Msonkho unadzasuntha mu Julayi 2021, kufika pa 26.4.

Akuluakulu amati mlandu suola. Ngongole ya msewu nayonso siinaole. Kumapeto kwa 2022 National Transport Commission inabweretsa maganizo okweza pakati pa 6 ndi 10 peresenti chaka chilichonse kwa zaka zitatu. Australian Trucking Association inapemphanso kuti chaka choyamba pasakhale kukwera, kenako kukhale kochepa. Ulendo uno boma linali la Labor, nduna yaikulu ali Albanese yemwe uja, nduna ya zamtengatenga ali Catherine King. Anasankha 6 peresenti, yotsikitsitsa pa zomwe zinali patebulo, koma sanadikire. Msonkho, womwe unali utafika kale pa 27.2, unakwera kufika pa 28.8 mu Julayi 2023, kenako 30.5 mu Julayi 2024, ndi 32.4 mu Julayi 2025.

Tiyerekeze mwini thiraki imodzi ya maulendo ataliatali amene amathira malita 100,000 pachaka. Kwa iyeyu senti imodzi pa lita ndi madola 1,000 pachaka. Kuchoka pa 25.8 kufika pa 32.4 ndi masenti 6.6, ndiye kuti madola 6,600 amene ankabwerera m'thumba mwake sakubweranso, ndipo zonsezi zachitika m'zaka zinayi zokha, zomwe zinalinso zaka za chiwongoladzanja chokwera, inshuwalansi yodula ndi mateyala odula. Kukanakhala kuti msonkhowo unkakwera pang'onopang'ono kuyambira 2017, akanamaulowetsa m'mitengo yake pang'onopang'ono, ndipo makasitomala ake akanazolowera. M'malo mwake anapatsidwa zaka zinayi za mpumulo zimene phindu lake ambiri sanalione, chifukwa mpikisano wa mitengo unalidya, kenako anasenzetsedwa zonse nthawi yoipitsitsa.

Apa ndi pamene ndimaona kuti mabungwe a eni mathiraki amachiza matenda olakwika. Chimene chimapha mwini thiraki wamng'ono si senti ya boma. Chimamupha ndi kusowa mphamvu yokwezera mtengo wake. Makampani ambiri a mathiraki ku Australia ndi a pabanja, a thiraki imodzi kapena zochepa: bambo ali pachiwongolero, mayi ali ndi mabuku a ndalama patebulo la kunyumba. Amene amawapatsa katundu ndi masitolo akuluakulu, makampani a migodi, kapena makampani akuluakulu a mtengatenga omwe amagawirako ntchito zotsala. Kampani yaikulu imalemberatu mu kontirakiti kuti dizilo kapena msonkho ukakwera, mtengo wonyamulira ukweranso. Wamng'onoyo akanena zomwezo amauzidwa kuti pali ena khumi amene anyamula pamtengo wakale. Amavomera, kenako amachedwetsa kusintha mabuleki, amayenda maola owonjezera ali ndi tulo. Ngakhale makampani aakulu sapulumuka nthawi zonse: kumayambiriro kwa 2023 kampani ya Scott's Refrigerated Logistics, yonyamula zakudya zozizira m'masitolo akuluakulu, inagwa ndipo anthu pafupifupi 1,500 anataya ntchito. Kuchedwetsa msonkho sikusintha chilichonse pa ubale umenewu. Senti imene boma lasiya imangodutsa m'manja mwa mwini thiraki kupita kwa wolemba kontirakiti.

Zimene zinachitika mu 2022 zikuonetsa momwe mabanja amenewa alili m'mphepete. Nkhondo ya ku Ukraine itakweza mafuta, ndipo chisankho chili pafupi, nduna ya zachuma Josh Frydenberg inadula pakati msonkho wa mafuta kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuchoka pa masenti 44.2 kufika pa 22.1 pa lita, kuyambira pa 30 Malichi. Oyendetsa magalimoto ang'onoang'ono anasangalala. Koma msonkho wa msewu unasiyidwa pa 26.4, ndipo popeza 22.1 ndi yochepa kuposa 26.4, panalibenso choti mwini thiraki abwezeredwe. Masenti 17.8 amene ankalandira pa lita iliyonse anathera pomwepo. Papepala anapindulabe ndi masenti 4.3, koma makasitomala ake anamva pawailesi zoti mafuta atsika ndi masenti 22 ndipo ankafuna kuti mtengo wonyamulira utsike chimodzimodzi. Choipa kwambiri, mabanja ambiri ankadalira ndalama yobwezedwayo kuti alipirire misonkho ina ikafika nthawi yake, ndipo nthawiyo itafika anapeza m'thumba mulibe. Chiganizo chopangidwa mothamanga kuti chisangalatse ovota chinapweteka anthu omwewo amene andale amati amawateteza.

Njira yolimbana ndi vuto lenilenilo inayesedwapo, ndipo mbiri yake ndi yowawa. Mu 2012 boma linakhazikitsa Road Safety Remuneration Tribunal kuti iziika mitengo yotsikitsitsa yonyamulira katundu, pokhulupirira kuti malipiro ochepa ndi amene amabweretsa ngozi. Lamulo lake la mitengo linagwira eni mathiraki odziyendetsera okha n'kusiya makampani olemba madalaivala, ndiye ang'onoang'onowo anaopa kuti ntchito zonse zipita kwa akuluakulu. Anachita zionetsero ku Canberra, ndipo mu Epulo 2016 boma la Malcolm Turnbull linathetsa bungwelo. Panapita zaka zisanu ndi zitatu kuti nkhaniyi ibwerere: mu 2024 nyumba ya malamulo inapatsa bungwe loona za apantchito la Fair Work Commission mphamvu yoika malamulo a malipiro ndi makontirakiti pa ntchito za mtengatenga wa pamsewu. Ulendo uno mabungwe ena a eni mathiraki anagwirizana ndi bungwe la apantchito la Transport Workers' Union. Kwa ine, tsiku limodzi lomenyera kuti wolemba kontirakiti azilipira mtengo weniweni wa ulendo ndi laphindu kuposa chaka chathunthu chopempha nduna kuti idikire.

Pali dandaulo lina la madalaivala limene boma silingalithawe. Ndalama ya msonkho wa msewu siipita m'thumba lapadera la misewu. Imalowa m'chikwama chachikulu cha boma. Dalaivala amene lamulo limamukakamiza kupuma akayenda maola akutiakuti, koma akafika pamalo opumira usiku n'kupeza podzaza kapena popanda chimbudzi, ali ndi chifukwa chofunsira kumene masenti ake akupita. Amaonanso kuti gawo lina la ndalama zimene akuwerengeredwa ndi za misewu ikuluikulu ya m'mizinda, pomwe msewu wa kumudzi umene iye amadutsa ndi ng'ombe uli zigwembe zokhazokha. Munthu amalipira mosanyinyirika akamaona chimene wagula.

Komanso lita ya dizilo ndi muyeso wosakwanira. Siidziwa ngati thiraki ili yodzaza kapena yopanda kanthu, ngati ikuyenda pamsewu wolimba wa konkire kapena pa phula lopyapyala la kumudzi. Ndipo thiraki ya magetsi, yomwe mabatire ake amaiwonjezera kulemera, siithira dizilo n'komwe. Chigawo cha Victoria chinayesa kulipiritsa magalimoto a magetsi potengera makilomita, koma mu Okutobala 2023 khothi lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Vanderstock, linagamula kuti msonkho wotere ndi wa boma lalikulu lokha. Posachedwa kapena mochedwa, Canberra idzayenera kulipiritsa potengera kulemera ndi mtunda, zofanana ndi zimene a Stevens anakana mu 1979, kungoti tsopano zolemba zidzachitidwa ndi makina a m'galimoto. New Zealand yakhala ikuchita zimenezi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Nkhaniyi si yachilendo kwa wowerenga wa ku Malawi. Nafenso pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali gawo la misewu, limene limadutsa ku bungwe loyang'anira za mafuta la MERA kupita ku Roads Fund Administration. Zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke zitabwera mu 2021 ndi 2022, mitengo yake inatsitsidwa anthu, makamaka eni maminibasi, atadandaula. A Roads Fund anadandaulapo kuti ndalama za pa mafuta sizinkafika zonse, chifukwa makampani oitanitsa mafuta ankazigwira pofuna kubweza zimene ankaluza pomwe mtengo wa pa pampu unali wotsika kuposa wogulira kunja. Kumeneko nakonso ndi kuchedwetsa, ngakhale kuti palibe nduna imene inakulengeza, ndipo aliyense amene wayenda pa M1 nthawi ya dzinja waona malipiro ake. Dziko lopanda doko ngati lathu, lomwe mafuta ndi feteleza wake wambiri amabwera pa thiraki kuchokera ku Beira ndi ku Dar es Salaam, silingakwanitse kusewera ndi ndalama za misewu.

Kusiyana kwake n'koti mwini thiraki wa ku Australia amadziwa senti yake: amadziwa kuti mu Julayi 2025 inafika pa 32.4, amadziwa amene anaiwerengera, ndipo manambala ake amawaona masiku 60 nduna isanasaine. N'chifukwa chake mu 2014 anatha kugwira boma likulakwitsa. Eni mathiraki, madalaivala ndi aphungu athu apemphe zomwezo: kuti chaka chilichonse zilengezedwe poyera kuti pa lita imodzi makwacha angati ndi a msewu, atoleredwa angati, afika ku Roads Fund angati, ndipo akonzera misewu iti.